Mbale Ziwiri ndi Pepala la a Msiska

Lolemba, 2 Juni

Andigoneka lero. Wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Chilonda cha pa chala chachikulu cha phazi lamanzere chakana kupola, mwezi wachiwiri uno. Shuga 342. Adokotala anagwedeza mutu, ine ndinawauza kuti makina awowo ndi amene akudwala.

Kope ili wandigulira ndi Eveless, mwana wanga, amene akundidwazika. Akuti ndizilembamo manambala a shuga kuti ndisamakangane ndi anamwino. Ndizilembamo zimene ndafuna. Ine Lekani Kamphinda sindinapondepo pakhomo pa sukulu, koma zilembo ndinazigwira ndekha m'buku la nyimbo za kutchalitchi, ndili kale ndi ndevu. Chichewa ndimawerenga. Chizungu ndimamva cha pakamwa, cha kukhichini, cholemba ayi. Ndipo sindinagonepo ndi njala chifukwa cha zimenezo.

Lachiwiri, 3 Juni

Shuga 310 m'mawa, 288 madzulo. Jakisoni wa insulini kawiri, pamimba. Mankhwala a mu diripi katatu. Atsuka chilonda. Amene anali patsogolo panga, bambo wa imvi, anakuwa mpaka kuitana amayi ake. Ine ndinangoluma mano.

Bedi la kumanja kwanga kuli a Chipulikano Msiska, a ku Rumphi koma nyumba ku Area 9. Akuti anagwira ntchito ku Capital Hill, ku ofesi yoona za mayiko akunja, mpaka anapuma. Vuto lawo ndi impso. Ali kuno chifukwa zipinda zolipira zadzaza. Magalasi, mapijama a mizeremizere, buku pachifuwa. Anandipatsa moni waulemu kwambiri. Anthu oterewa ndimawadziwa. Ndawaphikira zaka makumi atatu ndi zinayi m'nyumba za akazembe ku Area 10, ndikudziwa mmene amatafunira.

Lachitatu, 4 Juni

Shuga 275.

Masana wabwera Mayankho, mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamwamuna. Ndinamutenga ali ndi zaka zinayi. Ndimamutcha mkazi wanga wamng'ono monga timachitira ndi adzukulu, iye amati lowani kaye m'bafa ndiye tikambirane. Amusankha ku yunivesite, akukaphunzira za ubale wa mayiko. Anyamuka pa 22 mwezi uno.

Anakhala pa bedi langa akundipatsa phala la mgaiwa lopanda shuga, nkhope ili pa foni.

"Agogo, mutu waima. Ndikufuna buku loyambira, loti ndikafike kusukulu ndisali mbuli. Pa foni pano akungonditchulira mabuku zana limodzi, onse akuti ndi ofunika. Ndiyambire pati?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe. A Msiska anatsokomola.

"Pepani akulu, khutu lilibe chitseko. Mwana wanga, wati ubale wa mayiko?"

Basi. Mwana anatembenuka ndi supuni yomwe. Nthawi ya alendo ndi ola limodzi. Ine ndinapeza mphindi khumi, a Msiska makumi asanu. Phala ndinamaliza ndekha, lozizira.

Lachinayi, 5 Juni

Shuga 260. Chilonda chikununkhabe. Asintha mankhwala a mu diripi.

Wabweranso Mayankho, lero ndi kope latsopano. Moni kwa ine anapereka ataimirira, kenaka anakoka mpando kupita uko.

A Msiska anandanda makapu atatu pa kabati kawo. Ndinayang'ana kukhoma, koma ndinamva zonse. Akuti ophunzira za mayiko ali magulumagulu. Kapu yoyamba ndi amene amati dziko lapansi lilibe mfumu, choncho dziko lililonse limagona ndi diso limodzi, limadalira mphamvu zake, ndipo ubwenzi umatha tsiku limene mantha abwera. Kapu yachiwiri ndi amene amati mayiko akamagulitsana zinthu ndi kumangana ndi mapangano, nkhondo imawawonongera onse, ndiye amapirirana. Yachitatu ndi amene amati mdani ndi bwenzi sabadwa, amapangidwa ndi mmene mayiko azolowerera kuonana ndi kuyankhulana.

Mwana akulemba ngati wamva uthenga wa angelo. Zinthu zoti ine ndinaziona ndi maso, mbale zili m'manja!

Ndinati, "Iwe Mayankho, chaka china ku Area 10 tinaitana akazembe awiri odana."

"Agogo, ija ya mbale ziwiri? Ndinaimva ndili sitandade 3."

Anaseka, osati mwachipongwe, koma anaseka. Ndinaisimbabe, mokweza, ndikuyang'ana kudenga. Ndiilembenso muno, poti kope siliseka.

Bwana wanga anaitana akazembe khumi ku chakudya. Awiri mwa iwo mayiko awo anali pa mkangano wa malire, moti sankapatsana moni. Mwambo umati woyamba kufika m'dziko muno ndiye woyamba kulandira mbale, koma awiriwo anafika sabata imodzi. Bwana sanadye tsiku lonse. Akuti amene alandire mochedwa akalemba kalata kwawo kuti tamunyoza. Ine ndinati bwana, ndisiyireni. Ndinachotsa tebulo lalitali, ndinalowetsa lozungulira la pakhonde, lopanda kumutu ndi kumiyendo. Awiriwo ndinawaika moyandikana. Ndinabwera ndi mbale ziwiri, ina dzanja ili ina dzanja ili, ndinaima pakati pawo n'kuzitsitsa nthawi imodzi, gwa. Lamulo limati mbale imalowera kumanzere, ine ndinaliphwanya tsiku limenelo. Nyama yawo ndinaichepetsa mchere dala, ndipo kabotolo ka mchere ndinaika kamodzi kokha pakati pawo. Anatafuna, anatafuna. Kenaka wamkulu thupi uja anati, chonde ndipatsireni mchere. Pofika nthawi ya khofi anali akuonetsana zithunzi za ana awo.

Nditamaliza, Mayankho anali akulemba zake. A Msiska anangokhala chete, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Chete wa anthu ophunzira. Ndimamudziwa.

Lachisanu, 6 Juni

Shuga 231. Kuzizira. Eveless wabweretsa bulangeti lachiwiri.

Wa bedi la kuwindo, a Ackson, oyendetsa minibasi amene anathyoka mwendo, anakuwa wodi yonse ikumva: "Madala, akulandani mkazi masanasana! Tiyitane ankhoswe?" Onse anaseka, ndi anamwino omwe. Ndinawauza kuti asamale mwendo winawo.

Ndamutuma Eveless. Iye amagulitsa kaunjika ku Msika wa Tsoka, ndipo pafupi ndi benchi lake pali munthu woyala mabuku akale pansi. Ndati akandigulire buku la mayiko, lalikulu kuposa onse, lachikuto cholimba, lokhala ndi dziko lapansi pamwamba. M'nyumba za akazembe ndinkapukuta mashelefu. Mabuku ofunika anali aakulu olemera, ang'onoang'ono madamu ankapita nawo kubafa. Tione ngati makapu atatu aposa limenelo.

Loweruka, 7 Juni

Shuga 240. Ndinaba kachidutswa ka chigumu kwa a Ackson. Anamwino a Sophia anadziwa osandifunsa.

Buku lafika. Eveless analisenza pamutu kuchokera pa depoti. Lalikulu ngati thireyi. Ndaliika pansi pa bedi, ndaliphimba ndi chitenje.

Lamulungu, 8 Juni

Shuga 218.

Mayankho atalowa ndinamuitana asanakoke mpando. Ndinati, "Mkazi wanga, tavundukula apo."

Anavundukula. Anatsegula. Anaphethira kawiri.

"Agogo, ndi la mapu ili."

"Eya. Mayiko onse alimo. Yambira pamenepo."

Anatembenuza masamba pang'onopang'ono, kenaka anati zikomo kwambiri, ndi mawu aja amene timayankhulira kwa mwana akatipatsa ndiwo zophika ndi dothi. A Msiska anapempha kuliona. Ndinkafuna aseke kuti ndipeze powayambira. Sanaseke.

"Buku labwino ili, akulu. Ndi lakale, mayiko ena ali umu anagawikana, ena anasintha mayina. Ulisunge, mwana wanga, udzaone kuti malire amayenda." Kenaka anatsitsa mawu, koma ine khutu langa ndi la kukhichini. Akuti woyamba kumene asathamangire buku lalikulu. Afune laling'ono lolembera ongoyamba, la zaka zaposachedwa, loti mutu uliwonse ukutha ndi mafunso, ndipo kumapeto kuli tanthauzo la mawu ovuta. Awerenge limodzi lokha mpaka kumapeto, kawiri, asanagwire lina. Mabuku a akatswiri enieniwo adikire kaye. Ayesenso laibulale ya ku City Centre. Akuti amulembera zonse pa pepala, mayina a mabuku ndi nambala yawo ya foni.

Laling'ono. Ndiye kuti ine ndinasenzetsa mwana wanga mwala kuchokera ku Tsoka.

Akanandiseka bwenzi zili bwino.

Lolemba, 9 Juni

Andijambula phazi. Adokotala akuti matenda afika pa fupa. Chala achidula Lachitatu. Ndinafunsa ngati palibe njira ina. Akuti njira ina ndi kudikira kuti adzadule phazi lonse. Ndasayina ndi dzanja langa, dzina lonse. Anabweretsa inki ya chidindo cha chala poganiza kuti sinditha kulemba.

Mayankho sanabwere, anapita kukajambulitsa zithunzi za kusukulu. A Msiska alemba masana onse.

Lachiwiri, 10 Juni

Shuga 190. Kuyambira madzulo osadya kanthu.

A Msiska awatulutsa m'mawa, ife osayembekezera. Akuti akapume kunyumba masiku ochepa, kenaka apita kunja kukaonana ndi madokotala a impso. Akazi awo akulongedza, iwo anabwera pa bedi langa ndi ndodo, anandipatsa pepala lopinda panayi.

"Akulu, ili ndi la mdzukulu wathu. Ndikusiya m'manja mwanu."

Wathu. Anamulera ndi ndani? Chikuku chitamugwira anagona pachifuwa pa ndani?

Atapita ndinalitsegula. Chizungu chokhachokha, zilembo zolumikizana ngati nyerere. Palibe chimene ndinatolapo, koma chimodzi. Pamwamba penipeni, m'zilembo zazikulu, pali dzina langa: LEKANI KAMPHINDA. Dzina langa likufuna chiyani pa pepala la mabuku? Ndikudziwa. Akumuuza kuti nkhani za agogo akowo uzingomvera mwaulemu, si maphunziro. Kapena za buku la mapu lija.

Masana Mayankho anapeza bedi la kumanja lili ndi munthu wina.

"Apita? Agogo, sanasiye kanthu? Anati andilembera."

Ndinati, "Sanasiye."

Pepala lili m'thumba la pilo. Ola lonse anakhala pa bedi langa. Lonse.

Lachitatu, 11 Juni

Fiyeta. Adula.

Lachinayi, 12 Juni

Ululu. Chala chimene kulibe chikuyabwa. Shuga 205. Ndasanza phala.

Lachisanu, 13 Juni

Shuga 176. Thupi linatentha m'mawa, latsika. Mayankho wandipukuta nkhope ndi kansalu. Sanatchule za mabuku. Ndinagona bwino.

Lamulungu, 15 Juni

Shuga 168. Asintha bandeji, akuti pakuoneka poyera. Ndadya mpiru wotendera ndi nyemba. A kwaya ya amayi anabwera kudzaimba m'wodi, ndinawathandiza besi.

Mayankho wafika ndi buku lobwereka kwa mnzake wa ku Area 3 amene mkulu wake anaphunzira zomwezi. Lonenepa, zilembo zing'onozing'ono. Dzulo akuti anakhala ku laibulale ya ku City Centre mpaka kutseka, koma posadziwa dzina la buku anangotola lililonse. Anandiwerengera mzere umodzi kuti ndimve kulemera kwake. Ngakhale iye lilime linapindika.

"Tsamba limodzi ndawerenga kanayi, agogo. Palibe chalowa."

Ndinati chilowa, mutu wa kwa Kamphinda ndi wolimba. Anamwetulira pang'ono. Ali nane ola lonse masiku ano, koma maso ake sali pano.

Lachiwiri, 17 Juni

Shuga 159. Ndayenda ndi ndodo mpaka pakhomo pa wodi ndi kubwerera. Phazi likukana kukhulupirira kuti chala chinapita.

Pepala ndalitulutsa katatu lero. Ndinafuna kupempha a Sophia andiwerengere. Anafika ndi jakisoni, ndinatsegula pakamwa, ndinafunsa za nyengo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi kupempha mwana wa dzana kuti amuwerengere mmene amunyozera? Ayi.

A Ackson anandiona ndikulibweza mu pilo. "Kalata ya chibwenzi, madala?" Ndinati inde, ya amayi anu.

Lachinayi, 19 Juni

Shuga 150. Sindikufuna kulemba za lero, koma ndilemba.

Mayankho anabwera wopanda kope, wopanda buku. Anakhala kumiyendo kwa bedi akusewera ndi ulusi wa bulangeti. Akuti amene akukaphunzira nawo apanga gulu pa foni. Ena ndi ana a mabwana, anaphunzira sukulu zolipira, akutchula kale mayina a akatswiri ngati amalume awo. Iye sanalembepo kanthu, akuopa kuonekera.

"Agogo, mwina si zanga izi. Ndikafika ndikapempha andisinthe, andipatse zina zosavuta. Kapena ndidikire chaka chamawa, ndizithandiza azakhali pa benchi ku Tsoka. Inunso mukufunika munthu."

Ananena mofatsa, osalira. Mwana amene ali sitandade 5 anayenda wapansi kuchokera ku Old Town mpaka ku Area 10 kudzandionetsa pepala la mayeso. Ndinamuyang'ana, ndinaona kuti ndamupeza ndithu. Akhala. Azindipatsa phala mpaka ndidzafe, ndipo a Msiska sadzamuonanso. Zimene ndinkafuna zija ndi zimenezi.

Ndinapisa dzanja mu pilo.

Analitambasula, anaona zolemba, anandiyang'ana. "Lafika liti ili?"

"Tsiku limene anapita."

"Munati sanasiye kanthu."

"Ndinatero."

Ndinati, "Werenga mokweza, m'Chichewa. Pamene pali dzina langapo usadumphe. Ngati andinyoza ndimve ndi makutu anga."

Anawerenga mokwiya. Ndilemba mmene ndinamvera.

"Mwana wanga Mayankho. Choyamba, usanatsegule buku lililonse, khala pansi ndi LEKANI KAMPHINDA akusimbirenso ya mbale ziwiri, ndipo uilembe yonse. Ine ndakhala pa matebulo otero zaka zambiri, sindinadziwe kuti mchere umachepa dala. Mantha a bwana wawo ndi kapu yoyamba. Kabotolo kamodzi ka mchere ndi kapu yachiwiri. Tebulo lozungulira ndi yachitatu. Ukamaliza mutu uliwonse m'buku, uzibwerera ku tebulo limenelo n'kudzifunsa kuti awa akanati chiyani. Chachiwiri, mabuku atatu awa, motsatana, kuyambira laling'ono. Usawafune kutali, ndili nawo kunyumba, ndi ako. Ndilipo mpaka Lachiwiri pa 17, ubwere tidzayambe limodzi mutu woyamba."

Anaima. Lero ndi pa 19.

Ndinati, "Pitiriza."

"Pansi alemba kuti: pepalali mwina lichedwa kukupeza. Likachedwa usawakwiyire agogo ako. Dziko laling'ono likaona lalikulu likuyandikira malire ake, limatseka chipata. Ukawerenga mutu wachiwiri uwamvetsa."

A Ackson anaphulika kuseka mpaka chitsulo cha mwendo wawo chinalira. Mayankho sanaseke. Anapinda pepala, anatenga chikwama, anatuluka osatsanzika. Nthawi ya alendo inali isanathe ndi theka lomwe.

Ndiye munthu uja anandiwerenga ngati buku laling'ono la oyamba kumene. Dziko laling'ono. Ine.

Jakisoni wa madzulo sindinamumve n'komwe.

Lachisanu, 20 Juni

Shuga 171. Adokotala akuti mwina nditulutsidwa Lolemba. Bandeji kusintha masiku awiri aliwonse, nsapato zotsegula kutsogolo, chigumu ayi.

Mayankho sanabwere. Eveless akuti mwanayo anapita ku Area 9 m'mawa. A Msiska ananyamuka Lachiwiri ndi akazi awo, ndipo sizikudziwika kuti abwera liti. Mwana wawo, a Rachel, anamupatsa mabuku atatu omanga ndi chingwe, dzina lake lili pamwamba. Akuti bambowo anakhala pakhonde Lolemba lonse, geti likagogoda n'kumafunsa ngati ndi mtsikana wa kuchipatala uja.

Eveless anandiuza zimenezi akupinda zovala, osandiyang'ana. Kenaka anati, "Ababa, mwakalamba ndithu, koma nzeru zina!" Ndi mwana wanga, koma apa ananena zoona.

Mutu woyamba uja akanawerenga limodzi ndinadya ndine. Sindingaubweze.

Loweruka, 21 Juni

Shuga 148.

Anabwera. Mayankho analowa mochedwa ndi mphindi khumi, ndinali nditatembenukira kale kukhoma. Ndinamva bedi likutsika kumiyendo.

"Ndakukwiyiranibe," anatero.

"Kwiya. Uli ndi chifukwa."

"Ndawatumizira uthenga pa foni. Sanayankhe."

"Akayankha uwauze kuti Kamphinda wati..." Iye anadikira, sanandithandize. Mwana ameneyu ndi wouma mtima ngati agogo ake. "Wati analakwa. Ndi zikomo. Koma za dziko laling'onozo abweze."

Pakamwa pake panagwedera, anadziletsa kuseka. Anatulutsa buku loyamba lija kundionetsa. Kabuku kochepa ngati ka nyimbo, kachikuto kofewa, m'mphepete muli zolemba za pensulo za a Msiska. Akuti wawerenga kale mitu iwiri ndipo zikumveka, moti wayankhapo pa gulu la pa foni lija. Basi ya mawa ndi ya 7 koloko m'mawa. Buku la mapu akuti alisiya, silikwana m'chikwama, koma ndisalipereke kwa munthu.

Kenaka anatsegula kope lake, anachotsa chivindikiro cha cholembera ndi mano.

"Tiyeni, amuna anga. Ya mbale ziwiri. Pang'onopang'ono, ndikulemba."

"Unaimva uli sitandade 3."

"Ndinaimva, sindinaimvetse. Tebulo lalitali munalichotsa nokha kapena munapempha kaye bwana?"

Palibe anandifunsapo funso limenelo. Ndinamuuza zonse, ndi zimene sindinauzepo munthu: kuti madamu anandilonjeza kundichotsa ntchito zikalakwika, kuti mbale ya kumanja inatsogola pang'ono koma palibe anaona. Anafunsa, ndinayankha, belu la alendo linalira, a Sophia anayang'ana kumbali.

Mayankho atapita kukatsuka kapu yanga ndinasuzumira m'kope lake. Chizungu sindiwerenga, koma masamba ndimatha kuwerenga. Za makapu a a Msiska, tsamba limodzi ndi theka. Za ine, anayi.

Ndawerenga kawiri. Anayi.